Mawaya awiri amene ankati "dikira kaye"

Agogo anga aakazi sankadziwa kulemba, choncho makalata opita kwa amalume ku Joni ndinkalemba ndine. Iwo ankakhala pamphasa n'kumalankhula, ine kope lili pabondo. Tsiku lina anati: "Uwauze kuti akafika ku Blantyre asavutike ndi sitima, akwere..." Apa anaima kaye kuti anunkhize fodya wawo, kenaka n'kumaliza: "basi." Ine kumva "basi" ndinadziwa kuti kalata yatha, ndinayamba kupinda pepala. "Iwe, ukupindiranji? Ndati akwere basi!" Kuyambira tsiku limenelo tinapangana kuti kalata ikatha azindigwira bondo, ndipo ine ndikatsalira polemba ndizikweza bolopeni m'mwamba kuti adikire. Pakamwa pakhale pa mawu a m'kalata okha.

Nkhani imeneyi ndinaikumbukira mu 1998, nditataya milungu itatu ndikulimbana ndi modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku layini ya lamya.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena ku Lilongwe, ndipo tinali ndi nthambi ku Mzuzu. Kutha kwa mwezi kulikonse mafayilo a zachuma ankayenera kupita uku ndi uku. Poyamba tinkatumiza madisiketi ndi aliyense amene ali pa ulendo, ndipo nthawi zina ankafika atafa kale. Intaneti inali itangofika kumene m'dziko muno, MalawiNet itayamba mu 1997. Isanabwere, imelo inkayenda kudzera pa FidoNet ya ku Chancellor College ku Zomba, njira imene Tom Jennings anayambitsa ku America mu 1984, yoti makompyuta aziimbirana lamya n'kumapatsirana makalata. Ku nthambi kwathu kunalibe akaunti ya intaneti, ndiye abwana anagula mamodemu awiri a US Robotics Sportster a liwiro la ma bit 33,600 pa sekondi kuti makompyuta athu aziimbirana okha mwachindunji. Layini inali imodzi, yomweyo yoyankhulirapo. Tinkayamba taimbirana pakamwa, "Mwakonzeka kumeneko?", n'kudula, kenaka modemu n'kuyamba kulira kwake kuja kokhala ngati nkhanga zakumana ndi mphaka.

Vuto linali lodabwitsa. Fayilo yochokera ku Mzuzu inkafika kwa ine bwinobwino. Koma ine ndikati nditumize, ZMODEM, njira imene tinkatumizira mafayilo, inkanyamuka ndi liwiro loopsa kwa kanthawi, kenaka nambala ya ma byte otumizidwa n'kubwerera m'mbuyo. Ikathamanganso pang'ono, n'kubwereranso. Kabokosi kowerenga zolakwa kankangokwera. Fayilo ya ma kilobyte 400, yofunika mphindi zinayi kapena zisanu, inkadya theka la ola, mwinanso kufera panjira. Iyi inali lamya yakutali, yolipira pa mphindi, ndipo bilu ikabwera akauntanti wathu ankandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Tonse tinagwirizana kuti ndi layini. Kodi tikanaganiza chiyani china? Mvula ikagwa, lamya inkathetheka ngati akukazinga chimanga m'phale, ndipo mamodemu athu a 33,600 nthawi zambiri ankagwirizana pa 14,400 basi. Ndinavutitsa anthu a matelefoni kangapo, iwo n'kubwera, n'kumvetsera, n'kunena kuti layini ili bwino. Ine mumtima ndinkati akungozemba ntchito. Chimene sindinachilabadire n'choti layini yoipa kawirikawiri siisankha mbali. Phokoso lomwe likuononga fayilo yopita kumpoto likanaononganso yobwera kuno. Komanso pa modemu panali kanyale kolembedwa ARQ, kamene kankayaka nthawi yonse, kusonyeza kuti mamodemu awiriwo akukonzerana okha zolakwa za panjira kudzera mu V.42 kapena MNP. Chilichonse chimene modemu yanga yalandira chinkafika ku Mzuzu chathunthu. Ndiye ma byte ankatayika kuti?

Pa ulendo wa fayilo pali misewu iwiri, ndipo ambiri tinkangoona umodzi. Woyamba ndi kachingwe kosakwana mamita awiri kochoka kumbuyo kwa kompyuta, pa COM1 kapena COM2, kupita ku modemu. Wachiwiri ndi layini ya lamya. Pa mamodemu akale a 300, 1,200 ndi 2,400 misewu iwiriyi inkayenda liwiro limodzi, cholowa chinkatuluka nthawi yomweyo, panalibe choti chiunjikane. Zinthu zinasintha pamene mamodemu anayamba kufinya deta. MNP 5 inkatha kuchepetsa ndi theka, ndipo V.42bis ya mu 1990 inkalonjeza kufinya mpaka kanayi ngati fayilo ili yofinyika. Kuti modemu ipeze chofinya, kompyuta iyenera kuithira mofulumira kuposa mmene layini ikumezera. N'chifukwa chake tinkakhoma liwiro la kachingwe pa 57,600 pamene modemu ndi ya 14,400, kapena pa 115,200 pamene ndi ya 28,800. Mukachulukitsa kanayi muona kuti manambalawa sanangogwa kumwamba. Chifukwa china n'choti liwiro la layini linkasintha pa kuimba kulikonse, mwinanso pakati pa kuimba komweko, ndiye kunali kwanzeru kusiya mbali ya kompyuta pamalo amodzi.

Tiyeni tiwerengere. Pa kachingwe kaja byte iliyonse imadya ma bit 10, asanu ndi atatu ake enieni, imodzi yoyambira ndi imodzi yotsekera. Pa 57,600 ndiye kuti ma byte 5,760 pa sekondi akulowa mu modemu. Fayilo ya ZIP ndi yofinyidwa kale, modemu ilibe pofinyanso, ndipo pa 14,400 imatuluka pafupifupi ma byte 1,600 pa sekondi. Ma byte oposa 4,000 pa sekondi iliyonse akutsalira. Modemu ili ndi kankhokwe kosungiramo, buffer, koma ndi ka ma kilobyte ochepa chabe. Sekondi imodzi isanathe bwino kadzaza, ndipo zobwera pambuyo pake zikungotayikira pansi. Aliyense amene anapitapo kuchigayo akudziwa zimenezi. Ukakhuthula ndowa yonse nthawi imodzi chigayo chimatsamwa, n'chifukwa chake wachigayo amalowetsa chimanga pang'onopang'ono, ndipo akafuna kuti uime amakweza dzanja, poti m'phokoso limene lija kukuwa sikumveka.

ZMODEM ndiyo inkaulula vutoli chifukwa cha ubwino wake womwewo. Chuck Forsberg wa ku Portland, Oregon, anailemba mu 1986 kuti izingothira deta mosalekeza, osadikira yankho pa chigawo chilichonse. Wolandira akapeza kuti CRC, nambala yoyezera ngati chigawo chafika bwino, siikugwirizana amauza wotumiza kuti abwerere pa byte yakutiyakuti, ndipo kubwerera m'mbuyo kumene ndinkaona kuja kunali kumeneku. Inkadziwanso kupitiriza pamene yalekera ngati lamya yaduka, chinthu chimene kwa ife a malayini oduladula chinali ngati mankhwala.

Nditatopa ndinathawira ku XMODEM, njira yakale yotumizira mafayilo, ndipo inayenda. Ward Christensen anailemba mu 1977, ndipo ndi yemweyo amene pamodzi ndi Randy Suess anatsegula BBS yoyamba, kompyuta yoimbira pa lamya n'kusiyirana mauthenga, ku Chicago mu February 1978. XMODEM imatumiza ma byte 128, n'kuima, n'kudikira kuti mbali inayo ivomere, kenaka ena 128. Kankhokwe ka modemu sikangadzaze ndi kadyedwe kotere. Koma kudikira kulikonse kunkadya nthawi, makamaka pa mamodemu okonza zolakwa amene amayamba asonkhanitsa deta asanaitumize, ndipo liwiro silinkafika ndi theka lomwe la zimene layini ikanatha. Mayi wina amene ankagwira kompyuta ku Mzuzu analemba masitepe onse a XMODEM papepala n'kumata pakhoma. Kwa iwo nkhani inathera pamenepo.

Kwa ine ayi. Mnzanga wina wa ku ofesi ina atamva dandaulo langa anati, "Aise, yatsa XON/XOFF, basi." Iyi ndi njira ina youzirana kuti dikira, yochokera ku makina a Teletype a m'ma 1960, amene ankaimitsa ndi kuyambitsa chowerengera tepi yapepala ndi zilembo ziwiri. Wolandira akadzazidwa amatumiza nambala 19, imene pa kiyibodi ndi Ctrl-S, kutanthauza ima. Akapepukidwa amatumiza 17, Ctrl-Q, kutanthauza pitiriza. Sipafunika waya wina, zilembozi zimayenda pa waya yemweyo wa deta. Ndinayatsa pa modemu ndi mu pulogalamu, ndipo ZMODEM inayambadi kuyenda mwaulemu. Forsberg ankalidziwa dzenje limeneli, choncho ZMODEM ikakumana ndi 17 kapena 19 mkati mwa fayilo imazibisa, kuzisandutsa zilembo ziwiri zina zoti wolandira akazibwezeretse.

Lachisanu lotsatira mayi aja anatsegula XMODEM monga mwa pepala lawo. Fayilo ya ZIP inafera pa chigawo choyamba penipeni. Ndinayesa lipoti wamba la zilembo zokhazokha. Linayenda bwino, 14, 15, 16, kenaka pa 17 linakakamira. Linayesa kakhumi n'kugonja. Tinayambiranso, pa 17 pomwepo. Kachitatu, pa 17. Ma byte 2,048 ndendende, osapitirira ndi imodzi yomwe. Mayi aja pa lamya anati, "Achimwene, kompyuta yanuyo ili ndi chizimba."

Chizimba chake chinali "basi" wa agogo uja. XMODEM imalemba nambala ya chigawo kumutu kwa chigawocho, monga byte imodzi yosabisa. Chigawo cha 17 chimakhala ndi nambala 17 kumutu kwake. Modemu yanga, imene ndinali nditaiuza kuti 17 ndi lamulo, inkaimeza nambalayo poganiza kuti kompyuta ikulankhula ndi iyo, ndipo chigawo chinkafika ku Mzuzu chopanda mutu. Chikanati chidutse mwamwayi, pa 19 pakanakhalanso msampha wina. Mu fayilo ya ZIP manambala onse kuyambira 0 mpaka 255 amapezeka mosakanikirana, ndiye mwa ma byte 128 kawirikawiri mumapezeka 17 kapena 19. Sindikuti XON/XOFF ndi yachabe. Pa printa kapena pa teminala yongoonetsa zilembo imagwira ntchito yake mpaka lero, ndipo amene anasindikizapo Ctrl-S mwangozi pa teminala ya Linux n'kuona zonse zauma anakumana nayo. Koma kuika malamulo ndi katundu m'thumba limodzi kumafuna kuti aliyense wonyamula thumbalo adziwe kusiyanitsa. Ngakhale PPP, imene tinkalowera pa intaneti, inachita kukhala ndi mapu a zilembo zoyenera kubisa chifukwa cha awiri omwewa.

Amene anatiombola anali bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito pa makina a telekisi, ndipo atapuma ankayenda m'maofesi kukonza ma printa ndi ma fax. Ndinawafotokozera zonse, za mvula, za 17, za bilu. Iwo sanakhudze kiyibodi. Anati nditumize fayilo ndi ZMODEM, XON/XOFF nditazimitsa, iwo maso ali pa tinyale ta modemu.

"Mphwanga, waona aka kolembedwa CS? Kakuthima, koma aka ka SD kakungophethirabe. Modemu ikuti ima, kompyuta yako siikumva."

"Koma madala, mu pulogalamu ndasankha RTS/CTS. Onani apa."

"Kusankha wasankha. Tabweretsa chingwecho."

Anamasula tizipewa ta mbali zonse ziwiri ndi sikuludiraiva. Mkati munali mawaya asanu okha: wotumizira, wolandirira, wa ground, wa DTR wouza modemu kuti kompyuta ilipo, ndi wa carrier wouza kompyuta kuti mamodemu alumikizana. Ku mbali ya kompyuta, pa pulagi ya mapini 9, pini 7 ndi pini 8 zinali zowotchereredwa pamodzi ndi kawaya kakafupi. Ku mbali ya modemu, pa pulagi ya mapini 25, pini 4 ndi pini 5 chimodzimodzi. Pini 7 ndi RTS, pini 8 ndi CTS, mawaya awiri ouzirana kuti dikira, ndipo kanyale ka CS kaja kamaonetsa CTS. Kompyuta inkati ikakweza RTS, mphamvu yomweyo inkabwerera pa CTS yake. Inkadzifunsa yokha n'kudziyankha yokha kuti eya, thira. Modemu inkakweza dzanja m'chipinda chimene munalibe woiona.

Chingwecho sichinabwere ndi modemu yatsopano. Chinali chotsalira cha modemu yakale ya 2,400 imene ofesi inkagwiritsa ntchito zaka za m'mbuyomo, ndipo ine pomangirira yatsopano ndinangozula yakale n'kulowetsa pomwepo, poti mapulagi ankakwana. Pa 2,400 chingwe chimenecho chinalibe mlandu uliwonse.

Madala aja ali mkati mowotcherera mawaya awiri atsopano anandiuza chinthu chimene ndinadzachitsimikiza pambuyo pake, choti dzina la RTS ndi lonamiza. Muyezo wa RS-232, umene umanena ntchito ya waya aliyense m'chingwechi, unatuluka mu 1960, nthawi imene mamodemu ambiri ankalankhula mosinthana ngati wailesi za apolisi, wina akamalankhula wina chete. Makina akafuna kutumiza ankakweza RTS, kupempha mpata, modemu n'kuyatsa mluzu wake pa layini, ikakonzeka n'kuyankha ndi CTS. Linali pempho ndi chilolezo, cha mbali imodzi. M'zaka za m'ma 1980, mamodemu atayamba kulankhula mbali zonse nthawi imodzi, opanga zipangizo anatenga waya wa RTS amene anali atasowa ntchito n'kumupatsa tanthauzo lina: kompyuta ikamukweza ikuti ndili ndi malo, nditumizire, ikamutsitsa ikuti dikira kaye. Muyezo unadzavomereza kagwiritsidwe kameneka mu 1991, anthu atayamba kale kuchita. Choncho CTS ndi dzanja la modemu, RTS ndi dzanja la kompyuta, ndipo pa mawaya a deta pamatsala deta yokha. Nambala 17 ikhoza kudutsa kambirimbiri osaimitsidwa ndi wina aliyense.

Mawaya okha sakwanira. Mbali zitatu ziyenera kugwirizana: chingwe, pulogalamu ndi modemu. Modemu inkauzidwa ndi malamulo oyamba ndi AT, amene anachokera ku Hayes Smartmodem ya mu 1981, koma pa nkhani iyi kampani iliyonse inali ndi chinenero chake. Pa Hayes ndi pa mamodemu ambiri a tchipi cha Rockwell linali AT&K3. Pa US Robotics unkalemba &H1 kuti modemu igwiritse CTS, &R2 kuti imvere RTS, ndi &B1 kuti liwiro la kachingwe likhomedwe, kapena kungolemba AT&F1 imene inkabweretsa zonsezi pamodzi. Ukakopera mzere wa mnzako wa modemu ya mtundu wina, mwina unkalandira ERROR, mwinanso OK wa chinthu china chimene sunapemphe. A Macintosh anali ndi mtanda wawo: doko lawo lozungulira la mapini 8 linali ndi waya mmodzi yekha wotulutsira chizindikiro, ndiye zingwe zambiri zinkamulumikiza ku RTS ndi DTR limodzi, ndipo ukaiwala &D0, lamulo loti isalabadire DTR, modemu inkadula lamya nthawi iliyonse imene kompyuta yangoti dikira.

Pali china chimene dzina loti hardware flow control limabisa, ndipo ndimaona kuti mabuku ambiri ankachidumpha. Pa ma PC a nthawi imeneyo tchipi choyendetsa doko, UART, sichinkaima chokha CTS ikatsika. Chinkangodziwitsa pulogalamu kuti waya wasintha, ndipo pulogalamuyo ndiyo inkaleka kuthira. Za hardware zinali mawaya, koma womvera anali software. Tchipi cha 16550A chinali ndi mzere wosungira ma byte 16, ndiye ngakhale pulogalamu ileke, amene alowa kale mumzeremo ankatulukabe. N'chifukwa chake modemu yabwino inkatsitsa CTS kankhokwe kasanadzaze, monga wachigayo wozolowera amakweza dzanja kudakali malo.

Mbali yolandira inali ndi matenda akenso, amene ine ndinapulumuka chifukwa kompyuta yanga inali yatsopano. Tchipi zakale, 8250 ya mu IBM PC ya 1981 ndi 16450, zinkasunga byte imodzi yokha. Pa 115,200 byte yatsopano imafika pa ma microsecond 87 alionse. Kompyuta ikatanganidwa pang'ono, mwachitsanzo polemba pa disiki, yatsopano inkapondereza yakale isanawerengedwe, ndipo RTS singathandize ngati pulogalamu yoti imutsitse ndiyo yatanganidwayo. DSZ, pulogalamu ya ZMODEM ya Forsberg mwiniwake, inali ndi lamulo loti handshake slow, lotsitsa RTS dala nthawi yolemba pa disiki. Ena ankangogula khadi la 16550A n'kupuma. Ndipo amene ankayesa YMODEM-g, imene imathira osabwerera ndipo ikapeza cholakwa chimodzi imasiya fayilo yonse, ankadziwa msanga ngati chingwe chawo chili chathunthu.

Madala atamaliza anayeza pini iliyonse ndi mita yawo, 7 ku 4, 8 ku 5, n'kutseka tizipewa. Ndinalemba AT&F1, modemu inati OK, ndinasunga ndi AT&W. Ndinaimba ku Mzuzu n'kuwachonderera mayi aja kuti kamodzi kokha asiye pepala la pakhoma, asakhudze chilichonse, ZMODEM imayamba yokha kulandira. Mamodemu analira, anagwirizana pa 14,400 monga mwa masiku onse. Kanyale ka CS kanayamba kuthima ndi kuyaka, ndipo ulendo uno kakathima, ka SD nako kankapuma. Nambala ya liwiro inakhazikika pang'ono kupitirira 1,600 osagwedezeka. Kabokosi ka zolakwa kanakhala pa 0. Patatha mphindi zinayi ndi masekondi angapo modemu inadula.

Lamya inalira nthawi yomweyo. "Achimwene, yaduka kapena yatha?"

"Yatha, mayi. Tatsegulani muone."

Kunja kunkagwa mvula, ndipo pa layini mawu awo ankamveka mothetheka ngati kale. Madala analandira ndalama yawo, yosafika ndi bilu ya tsiku limodzi la XMODEM, ndipo potuluka anatola timawaya tiwiri takafupi tija pa tebulo n'kundipatsa m'manja kuti ndikaonetse akauntanti.